Manja m'Chiuno mwa Philomena

Whyson anamenya chitseko ndi phazi n'kulowa. Zimene anamuuza anzake pamalo okwerera minibasi zinali zoona: mwamuna wachilendo anali atagwada, manja ali m'chiuno mwa Philomena, mkazi amene ankafuna kumanga naye banja.

Sanafunse kanthu. Anamusasantha chibakera pakamwa, mwamunayo n'kugwera pambaula. Kenako anatola mpando wachitsulo n'kuutsitsa ndi mphamvu zake zonse padzanja limene mlendoyo anatchingira nkhope. Fupa linamveka kuthyoka.

"Whyson, leka! Uzabapaya!" anakuwa Philomena poopa kuti amupha mlendoyo, akumukoka malaya.

"Kwasala masiku five ku ukwati, iwe ungenesa mwamuna mu nyumba?" anakalipa Whyson.

Anthu a m'dera la Chawama anali atadzaza kale pakhomo. Mlendoyo analavula magazi pamodzi ndi dzino. Philomena anagwada pambali pake, n'kutola tepi yoyezera zovala imene inagwera pansi.

"Aba ni bamalume banga, ba Silas," anatero akulira. "Bafika lelo kuchoka ku Katete na mashini yao. Si ndiwe unakamba ati ndalama ya dresi kulibe? Banati bazatisokela mahala, osalipila, dresi yanga na suti yako."

Mpando unapulumuka m'manja mwa Whyson. Apo m'pamene anaona nsalu yoyera pamphasa, yodulidwa kale, itadontheredwa magazi.

Ba Silas anayang'ana dzanja lawo lamanja, lomwe linali litapindika, kenako anatembenukira kwa Philomena.

"Mwanawe," anafunsa motsitsa mawu, "ameneyu ndiye mkamwini uja unkati ngofatsa?"