Adaputa Yatsopano ya ku Saluni

"Iyi ndiye yamphamvu, ndipo siing'ung'udza," anatero wokonza mawailesi, akulumikiza adaputa yatsopano ya magetsi ku kaampulifaya kokuzira nyimbo mu saluni ya Azakhali.

Azakhali anavina. Yakale ija inkangolira huuu tsiku lonse, makasitomala n'kumadandaula mutu.

Masana kunabwera akazi a bwana wina, kasitomala wawo wamkulu, kudzalukitsa. Nyimbo zinkatuluka mbee. Azakhali anatembenukira kwa mnzawo woluka, n'kunong'ona monga amachitira masiku onse: "Taona tsitsili, ngati nkhuku yovumbwa!"

Koma abale, nyimbo inali itangotha kumene, ndipo huuu uja kunalibe.

Amayi aja ananyamuka, mutu utalukidwa mbali imodzi.

M'mawa mwake Azakhali anathamangira kwa wokonza uja: "Achimwene, yakale ija simunataye, eti?"