Ng'oma ya Hezron

Rahab anatsika panjinga yamoto ku Mwazisi kutada kale. Kunali koyamba kufikako. Iye ndi wa ku Lilongwe, wozolowera magetsi. Kuno kunali mdima, fumbi ndi agalu.

Anabwera kudzatenga mng'ono wake, Phoebe. Uthenga wa pafoni unali waufupi: "Asisi, bwerani. Ndili ndi pakati. Andipha kuno."

Wakabaza amene anamubweretsa anagwirizana naye kuti akumane patchalitchi m'bandakucha.

Hezron, mwamuna wa Phoebe, anamulandira ndi manja awiri. Munthu wamtali. Mawu ofatsa.

"Alamu, yewo chomene. Mpaka mwapondadi pakhomo pathu."

Anapha tambala. Anamusiyira mpando wake. Ulemuwo unachuluka mpaka kuopsa.

Phoebe anabwera ndi madzi osamba m'manja, nagwada. Mlomo wotupa. Mkono wamanzere sunkatambasuka.

"Anagwa pamjigo," anatero Hezron, asanafunsidwe.

Atadya, Hezron anaika kasipika patebulo. Inalira nyimbo ija yavuta chaka chino m'maminibasi ndi m'maukwati. Woimbayo ankati:

"Mkazi ndi ng'oma, m'bale wanga. Ukaisiya imazizira. Iwambe, uimenye, ilire bwino."

Hezron ankaguguda tebulo ndi zikhatho. Maso ake sanachoke pa Rahab. Itatha anaibwereza. Kenako kachitatu.

"Mawu amenewa, alamu," anatero akumwetulira. "Kuno amuna tonse tinailoweza. Abusa anayesa kuiletsa. Pano ngakhale tiana ta sukulu timaimbira anzawo aakazi panjira."

Rahab anayang'ana pansi. Pakhomo la kukhitchini, Phoebe anaima atagwira mimba.

Rahab anagona osavula nsapato. Kuseri kwa khoma, mwamunayo ankang'ung'udzabe nyimbo ija, pang'onopang'ono, mpaka tulo titamutenga.

Unali mwezi wa Okutobala. Nazale ya fodya sidikira dzuwa. Tambala asanalire kachiwiri, Hezron ananyamula makeni awiri n'kutsikira kudambo kukathirira. Rahab anamvetsera mapazi mpaka anazimiririka.

"Tiye."

Phoebe anatenga chitenje chimodzi ndi buku la kusikelo. Basi. Anadzera kuseri kwa chigafa cha fodya, osayatsa tochi. Galu wa pafupi anauwa. Anaima. Palibe anatuluka.

Wakabaza anali atafika. Anakwera onse awiri, Phoebe pakati, Rahab atamukumbatira kumbuyo. Njinga inalunjika msewu wa ku Bolero. Rahab anacheuka kangapo. Fumbi lokhalokha.

Kum'mawa kutayamba kufiira, mpamene anapuma bwino. Anaika kamwa pakhutu la mng'ono wake.

"Chinamulowa n'chiyani munthu ameneyu? Paja paukwati anali ngati nkhosa."



"Makofi analipo, a apo ndi apo. Ndikamuopseza kuti ndiuza kwathu, ankasiya. Ankakuopani inu."

"Nanga pano?"

"Pakamwa pangapa, asisi. Ndinkangofuna kukunyadirani." Sanatembenuke. "Ndinamuuza kuti woimbayo amangoimba, mawu munamulembera ndinu. Chiyambireni, akamavula lamba amati usalire, ndi malangizo a mkulu wako."