Pensulo ya Malemu Anselmo

Maritza, woimba watsopano wa chelo, vayolini wamkulu uja, analekeza nyimbo pakati.

"Don Eusebio, mwandisiyanso m'mbuyo."

"Ine? Zaka makumi atatu ndili pa vayolini, mwana iwe!"

A Eusebio ndi amene anachotsa Anselmo, woimba chelo wakale, pagulu lawo loimbali, ati manja ake ankanjenjemera. Anselmoyo anamuika m'manda Lolemba.

Maritza anayandikiza pepala la nyimbo la malemuwo kumaso n'kuwerenga zimene analemba ndi pensulo: "Apa Eusebio amathamanga. Ingomutsatira, usamuuze."

Anatembenuza tsamba, napezanso mawu omwewo.

A Eusebio anacheukira a Casilda ku piyano. "Iwenso unkadziwa?"

"Tinkakuthamangira tonse awiri, ine ndi Anselmo, nkhalamba iwe."

"Ndifufute?" anafunsa Maritza.

A Eusebio anagoneka vayolini pamiyendo, maso ali pansi.

"Ayi. Zisiye momwemo."