Mapaipi a Hita ndi Miyendo ya Whyson

Panali munthu wina ku komboni ya Matero, dzina lake Whyson Chilekwa. Akuti izi zinachitika zaka zija mafakitale a ku Heavy Industrial Area ankatseka zipata, anthu n'kumatandala pamzere wa ufa. Whyson naye anachotsedwa ntchito. Chomwe anatsala nacho ndi galimoto yakale ya malemu bambo ake, imene analanda pamaliro pomwe, anthu asanabalalike.

Galimoto imeneyo inamudanitsa ndi mkulu wake Benard, wowotcherera zitsulo ku komboni ya George. Akakumana panjira sankapatsana moni.

Tsiku lina Whyson anamva kuti pafamu ina kuseri kwa Lilanda anthu amathamangitsa magalimoto mumsewu wafumbi, ndipo mwini galaja wina wolemera akufuna kulemba ntchito ya udalaivala amene apambane. Whyson analumbira kuti ntchitoyo ndi yake. Anayamba kupepuza galimoto ija. Anazula mipando yakumbuyo, anasenda kapeti, kenako anafika pa hita.

Hita ndi karadiyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, pamwamba pa miyendo ya woyendetsa. Madzi owira a mu injini amalowamo pa paipi imodzi n'kubwerera pa ina. Whyson anakazula n'kukagulitsa kwa ogula mkuwa. Mapaipi awiri aja anatsala ali lende m'kati mwa galimoto. Iye anawalumikiza ndi chidutswa cha paipi yothirira m'dimba, n'kumanga ndi malegeni.

Mkazi wake Exildah mtima sunamukhale pansi, ndipo anakaitana Benard mwamseri. Benard anafika, anasuzumira pansi pa dashibodi, n'kupukusa mutu.

"Iwe chitsiru, ufuna kuziphika wamoyo? Aya mapaipi yabweze ku injini, kunja kwa pokhala munthu. Uyalumikize na paipi ya chitsulo, umange na makilampu. Madzi yakawila, malegeni yazamasuka."

"Ndani anakuitanani, ba Benard?" anatero Whyson, sipanala ili m'manja. "Motoka munalephela kuitenga, manje mufuna kuilodza na kamwa."

"Ni motoka ya batate, kawalala iwe!"

"Batate banafa. Chokani pakhomo panga nisanakugululeni mano."

Benard analavula pansi. "Ukapsa usakaitane zina langa."

Benard atachoka, Whyson anatembenukira mkazi wake. Anamuuza kuti akadzapondanso ku George atengeretu katundu wake yense.

Tsiku la mpikisano dzuwa linaswa mtengo. Benard anabwera n'kukaima pamalo pomwe msewu unakhota. Anauza anzake kuti wabwera kudzaonerera mng'ono wake akuchita manyazi.

Whyson ananyamuka bwino. Galimoto inali yopepukadi, ndipo anapitirira anzake ambiri, fumbi lili kobo. Atazungulira kangapo anamva kadontho kotentha pa kakolo. Kenaka kena. Anayang'ana singano yoonetsa kutentha kwa injini, n'kupeza yakwera. Mtima unamuuza kuti aime. Koma patsogolo anaona Benard ataima, manja atapinda pachifuwa. Aime pamaso pa munthu ameneyo? Anakukuta mano n'kuponda moto.

Paipi ija inafwamphuka. Madzi owira anamukhuthukira m'miyendo, kuyambira m'maondo mpaka kumapazi. Nthunzi inadzaza m'galimoto, galasi lakutsogolo linayera mbee, msewu osaonekanso. Whyson anakuwa, anafunafuna buleki osaipeza. Galimoto inasiya msewu n'kugubudukira m'dzenje lomwe ankakumbamo miyala.

Anthu anathawa poopa moto. Whyson anali atapanikizika, phazi litakodwa pansi pa zopondera, madzi akumuthirabe. Anakuwa dzina lomwe anauzidwa kuti asakaitane.

Benard anatsetserekera m'dzenjemo akutukwana. Anaswa galasi ndi mwala, anapisa manja ake m'madzi owirawo, nalimbana ndi chitsulo mpaka phazi linamasuka. Pomukokera kunja, khungu la m'manja mwa Benard linali likusendeka.

Kuchipatala anawagoneka pa mabedi oyandikana. Mankhwala masiku amenewo ankasowa, ndipo zilonda zinatukusira. Dokotala ananena kuti miyendo ya Whyson sidzawongokanso bwino, ndipo zala za Benard zidzakhala zopinana moyo wake wonse.

Whyson analira. "Ba Benard, zikomo. Munanipulumutsa."

Benard sanamuyang'ane n'komwe. "Sunga zikomo yako. Sin'nafune bamayi baike mwana pamene baikila mwamuna. Manje niuze, bana banga nizabadyetsa na chani? Na aya manja?"

Benard anaitana namwino n'kupempha kuti bedi lake alisunthire kutali.

Ntchito ya udalaivala anatenga munthu wina. Galimoto anaiduladula ogula zitsulo. Exildah anayamba kugulitsa tomato m'mphepete mwa msewu kuti nyumba idye, ndipo ana a Benard anasiya sukulu. Mayi a Whyson ndi Benard anayesa kuwayanjanitsa, anaitana ngakhale akuluakulu a mpingo, koma mpaka anamwalira osaonapo ana awo atadyera mbale imodzi. Pamaliro awo Whyson anabwera pa ndodo, Benard manja ali m'thumba, aliyense n'kukhala mbali yake ya manda.

Phunziro: Langizo labwino silionongeka chifukwa lachokera m'kamwa mwa munthu amene umadana naye. Ngati ukusintha galimoto kuti uzithamangitsa, usasiye mapaipi a madzi owira pamwamba pa miyendo yako, ndipo usamange ndi malegeni pofunika chitsulo. Liuma la munthu mmodzi limagonetsa ndi njala nyumba ziwiri. Usangowerenga wekha, tumizira abale ako ndi anzako okonda magalimoto, makamaka uja samva za munthu.