Mafunso a Mayi Wedad

"Nanga mfumu yaikazi ija inkavala ndevu zomata, dzina lake ndani?"

Leland anabweza supuni m'mbale. Therere la molokiya linali litafika kale pamlomo.

"Hatshepsut, Mayi."

"Mhm." Mayi Wedad anadzuka, n'kukwekweretsa masilipasi kulowera kuchipinda. "Ndikamwe kaye mankhwala."

Ndi mmene Lamulungu linkayendera tsopano m'kanyumba ka ku Jersey City kaja: funso, yankho, mankhwala. Leland, bambo wamkulu ndithu wokonza mafiriji, mphete ili m'thumba la jekete, thukuta lili kamukamu ngati mwana amene aphunzitsi amuimika kutsogolo.

Chibwenzi chake, Demiana, chinamuuza kale mosapsatira kuti sichikwatiwa popanda mdalitso wa amayi ake. Amayiwo nawo ananena zawo akusenda adyo: "Ine ndinabadwira ku Luxor, kuseri kwa kachisi wa Karnak. Munthu wosadziwa kwathu asandiyandikire mwana." Ndiye anapangana zopita onse atatu, masiku anayi pasitima mumtsinje wa Nailo, kuchoka ku Luxor mpaka ku Aswan. Yankho likaperekedwa pamadzi pomwepo.

Mwamuna akakonda, abale anga, nzeru zimapita kutchuthi. Leland anagula chibuku chonenepa ngati njerwa, cha mafarao onse ndi milungu yawo. Ankachiwerenga m'galimoto ya kuntchito, akulemba mizere yofiira pansi pa chilichonse chofunika. Lamulungu ankabwera nacho, n'kumafotokoza patebulo mmene Aigupto akale ankatulutsira ubongo wa maliro kudzera m'mphuno. Anthu akudya.

Miyezi iwiri yathunthu Mayi Wedad ankangomuyang'ana pamwamba pa magalasi. Leland anamva tanthauzo lake: munthu wa ku Ohio, mwana wa mlimi wa nkhumba, akuphunzitsa mdzukulu wa Farao za agogo ake.

Kenako, masabata atatu apitawo, chibukucho chinasowa. Anasaka m'galimoto, anasaka kunyumba, anakasuzumira ngakhale kuseri kwa firiji ya kasitomala wina. Osachiona. Ndipo ngati kuti tsokalo linachepa, Lamulungu lotsatira mafunso anayamba.

Chomuopsa chinali chakuti mayiwa sankaphonya. Chilichonse chimene iye anachilemba mzere wofiira, iwo ankachidziwa pamtima. Zoyamwira zimenezi, iye ankatero mumtima. Ndingalimbane ndi magazi ine?

Masilipasi aja anabwerera. Mayi Wedad anakhala pansi, anaika mtanda wawo wa m'khosi bwinobwino, anapukuta chala chachikulu pansalu.

"Mtima wa munthu wakufa ankauyeza pasikelo ndi chiyani?"

"Ndi nthenga, Mayi."

"Wanuwo tikauika, sikelo sithyoka?"

"Amayi, musiyeni munthu adye," anatero Demiana.

"Ndamugwira pakamwa? Iwe tadya zako, ine ndikucheza ndi a dokotala a mafiriji." Anapita kukamwanso mankhwala. Leland ankawadera nkhawa mayiwa, mapiritsi onsewa pa chakudya chimodzi.

Atabwerako sanakhale n'kukhala pansi.

"Lomaliza, poti mawa ndi ndege. Sitima yathu ikaima ku Kom Ombo. Kachisi wa kumeneko ndi wa milungu iwiri. Wina ndi ng'ona. Winayo?"

Leland ankaliona tsambalo m'mutu mwake. Chithunzi kumanzere, mzere wofiira kumanja. Koma pamwamba pa mzerewo panali mbee.

"Mphaka?"

"Mphaka." Mayi Wedad analawa mawuwo ngati ndiwo zosasa. "Demiana, wamva? Akuti mphaka. Kabawi wa makolo anga lero wasanduka mphaka. Akadapanda kuwakulunga nsalu zolimba zija, bwenzi atadzuka."

Mphete ija inayamba kulemera m'thumba. Miyezi itatu ya kuwerenga yathera pa mphaka. Leland anaona kale mmene zikakhalire: iye ataima yekha kumapeto kwa sitima, mayi ndi mwana wawo akumwa tiyi ndi abale, akuseka m'Chiarabu.

Demiana anamumvera chisoni. "Leland, tapita ukatenge sutikesi ya amayi tiiyeze. A ndege safuna yopitirira mapaundi makumi asanu."

"Isiyeni," anatero Mayi Wedad msangamsanga. "Ndiyeza ndekha."

"Ndi msana wanuwo?"

"Ndati isiyeni."

Koma Leland anali atanyamuka kale. Poti mutu wamukanika, anafuna aonetseko manja. Anaipeza pabedi, anainyamula ndi dzanja limodzi monga amachitira ndi mafiriji aang'ono, n'kutuluka nayo monyadira. Zipi sanaiyang'ane.

Pakati pa balaza, sutikesi inayasama. Zinatsika mphatso za abale: masokosi, mabotolo a mavitamini, sopo wonunkhira, khofi. Pamapeto pake panagwa chinthu cholemera, phi, n'kutseguka chokha pamene chinazolowera kutsegukira.

Chithunzi kumanzere. Mzere wofiira kumanja. Pambali pa mzerewo, chidindo cha chala chachikulu, chobiriwira ndi molokiya, chisanaume n'komwe.

Mayi Wedad anavula magalasi, anawapukuta mosafulumira.

"Zaka makumi awiri ndinakhala kuseri kwa Karnak, sindinalowemo ngakhale kamodzi. Munkalowa alendo a zipewa. Ife tinkangodutsa popita kumsika." Anaponda chibukucho ndi silipasi kuti Leland asachitole. "Ndiye mumati ndikafike kwathu, abale anga akaone mkamwini wanga akundiphunzitsa za makolo anga? Chisiyeni pomwepo. Kwanditsalira mutu umodzi."