Kandege ka Maxon

Kandege ka Maxon kanali ndi vuto limodzi: kakangonyamuka pang'ono, kamazima n'kugwa. Mwana wangayo anamwalira asanakakonze, ndiye ine ndinapita nako kwa Alfred, wokonza mafoni ku Chemusa.

Anakatsegula, anagwiragwira mawaya, n'kuwotcherera wina amene anamasuka. Kenako anachotsa batire.

"Mayi, droniyi ili bwino, koma batire yatupa. Musaiikenso, iphulika. Bwanji mungondigulitsa yonse?"

"Iwe, ndabwera kudzakonzetsa, osati kudzagulitsa. Bweretsa kuno."

Batireyo ndinamusiyira pomwepo. Kandegeko ndinakabereka ndi chitenje, poti m'jumbo mapiko akanathyoka.

Pomwe ndimatsikira ku Mbayani, mdima unali utagwa ndipo magetsi anali atazima. Pafupi ndi mlatho ndinamva kulira kumsana kwanga, ngati njuchi. Ndinaima. Pakhoma la nyumba ya eni panawala kofiira, n'kuzima, n'kuwalanso. Panalibe munthu. Kuwalako kunkachokera m'chitenje changa.

Msana unayamba kufunda, ndipo katundu uja analemera ngati mwana wogona.

Sindinathamange. Ndinapereka dzanja kumbuyo n'kusisita pang'onopang'ono.

"Maxon, iwe, ndatopa ine," ndinatero. "Khala bwino, tatsala pang'ono kufika."

Kulira kuja kunaleka. Ndinamangitsa chitenje pachifuwa n'kupitiriza ulendo. Ndisanafike pampopi wa kwathu, china chake chinatsamiritsa mutu paphewa langa, n'kuyamba kupuma m'khosi mwanga.