Tcheni cha Njinga ya Craig

Mai Otilia anayala matcheni atatu pakauntala n'kupukuta manja pa epuloni. Shopu yawo ya zipangizo za njinga zamoto inali kuseri kwa msika wa ku Hauna, ndipo m'mawa wa Lachisanu umenewo munali kasitomala mmodzi yekha, Danieli.

"Ichi n'chotchipa, cha miyezi itatu. Ichi n'chapakati. Ichi n'cha anthu oopa imfa." Atatero anakumbukira amene ankalankhula naye. "Pepa mwanangu. Pakamwa panga ndi pomwepa."

"Palibe kanthu, mai."

Ku Hauna aliyense ankaidziwa nkhaniyo. Craig, mkulu wake wa Danieli, ankanyamula nthochi panjinga yamoto kuchokera kumapiri a ku Ruda. Masabata asanu apitawo, akutsetsereka mumsewu wodutsa m'minda ya tiyi, tcheni chinaduka n'kukulunga gudumu lakumbuyo. Nthochi anthu anatola, zambiri zinali zabwinobwino. Njinga inasweka galasi limodzi. Craig sanadzuke.

Danieli anabwera kumaliro kuchokera kukoleji ku Mutare ndi kachikwama kamodzi, ndipo sanabwererenso. Pogawa katundu wa malemu, iye analandira jekete. Njinga inapita kwa bambo awo, a Isaya, munthu wa zaka 67 amene anathyola tiyi pa esiteti mpaka msana kupindika, diso lakumanzere lili ndi ng'ala. Tsiku lomwelo mdala analengeza kuti ntchito ya nthochi siifa. Lolemba aiyamba okha, msewu womwewo.

Danieli anawaletsa. Mayi analira. Abusa anabwera kawiri. A Isaya anamvetsera onse mwaulemu, kenaka anatenga sanza n'kupita kukapukuta njinga. Inkaima pansi pa mtengo wa mapeyala umene Craig anabzala ali giredi 2, ndipo chichitikireni maliro mdala sankalola munthu kuthyolapo ngakhale tsamba.

"Cholakwa chinali tcheni, osati msewu," anatero a Isaya. "Pita ukagule cholimba, udzamange wekha."

N'chifukwa chake Danieli anali atanyamula tcheni chachitatu m'manja, akuyesa kulemera kwake.

"Chimachita dzimbiri?"

"Ukuona timphira iti pakati pa malinki? Timatsekera gilisi mkati. Mvula ya ku Honde kuno ivumbe mpaka itope."

"Chitakhala panja chaka chonse?"

"Zaka zitatu."

"Sowo ya zitsulo imachidula?"

"Udzatha masowo khumi, iwe uli thukuta, icho chikukuyang'ana. Ine ndimadula ndi gilayinda. Bwera nacho ndikudulire pompano, kwanu kulibe magetsi."

Danieli anatulutsa chingwe m'thumba la jekete. Chinali ndi mfundo kumapeto onse awiri. Mai Otilia anachiyala m'mbali mwa tcheni, n'kuyang'ana chingwe, n'kuyang'ana mnyamatayo.

"Njinga ya Craig ndimaidziwa ngati mphika wanga. Imalowa malinki 118. Chingwe chakochi chikufuna onse 132. Unayeza uli m'tulo?"

"Musadule."

"Kukoleji ankakuphunzitsani chiyani, iwe?"

"Ndinasiya."

"Zikuoneka." Anapukusa mutu. "Chikakakutalikira usadzandilirire."

Anatembenuka n'kutsitsa masipuloketi pashelefu, magudumu amano aja amene tcheni chimayendapo. Ina inali yowala ndi yopepuka. Ina inali yakuda, yolemera ngati chivundikiro cha poto wachitsulo.

"Yowalayi ndi ya anyamata ojambulitsa zithunzi. Fumbi la kuno limaidya ngati chingwa. Tenga yachitsulo, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Ndipo tcheni chatsopano sachiika pa mano akale. Mano a njinga imene ija anapindika ngati zikhadabo za kabawi. Mkulu wako ndinamuuza kawiri. Ankangoseka, amvekere 'mwezi wamawa, mai, pano mng'ono wanga ali pasukulu.'"

Danieli anayang'ana khoma. Panali kalendala ya chaka chatha.

"Ndipatseni zachitsulozo," anatero. "Mdala atsegula jumbo kuti aone."

Chotsala chinali linki yolumikizira tcheni. Mai Otilia anaika ziwiri pachikhatho. Ya kilipu, anafotokoza, munthu amaichotsa ndi pulayala nthawi iliyonse, koma nthawi zina imadzichotsa yokha pamalo oipa. Yokhomera imafuna hamala ndi chitsulo chogogodera mitu ya mapini. Ukakhoma wakhoma. Siimasukanso.

"Yokhomera."

"Apo ndiye walankhula ngati munthu wopita kusukulu." Kwa nthawi yoyamba anamwetulira. Anatulutsa chogogodera chawo m'dirowa n'kuchiponya m'jumbo. "Udzabweze. A Isaya ndi ouma mutu, tonse tikudziwa, agogo awo anachoka ku Mulanje wapansi popanda wowauza. Koma ali ndi mwana. Ndi zimenezi, tcheni sichidzawagwetsa."

"Sichidzawagwetsa," anavomera Danieli.

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Mayi anali kumtsinje. Mdala anali kudimba, akusankha mikoko ya nthochi yoti adule Lolemba. Danieli anaika masipuloketi pakhonde, pamalo oonekera. Anavula jekete, n'kulipinda bwinobwino, n'kugwada pafupi ndi njinga.

Analowetsa tcheni m'felemu ya njinga, n'kuchizunguliza pathunthu la mtengo wa Craig, n'kukhoma mapini onse awiri mpaka mitu kuphwatalala. Chingwe chija chinayeza bwino, sipanatsale ngakhale linki imodzi.

Kenaka anakhala pansi, n'kutsamira mtengowo, kudikira bambo ake.